Batani Limene Esitere Anadina Yekha

"Amayi, kodi munthu akamwalira, mawu ake amapita kuti?"

Zione anafunsa funsoli ali kamwana, bambo ake, a Bonifasio, atangoikidwa kumene m'manda ku Mphunzi. Mayi ake, Esitere, anangotsegula laputopu yakale ya malemuwo n'kudina nyimbo imodzi, ndipo mawu a Bonifasio anadzaza nyumba yonse, akuphunzitsa kwaya ya kutchalitchi monga ankachitira Loweruka lililonse.

Tsiku losudzula, akuchimuna anatenga njinga, wailesi ndi masuti. Laputopuyo anaisiya, amvekere ndi chidebe chabe, chochedwa kuyaka. Sanadziwe kuti m'chidebemo ndi mmene munali zonse: nyimbo zimene malemu anapeka, zithunzi za ukwati, ndi kavidiyo ka Zione akuphunzira kuyenda, bambo ake akuseka kuseri kwa kamera. Foni ya malemu inaphwanyika pa ngozi yomwe inawatenga. Kwina kosungira kunalibe.

Zaka zinapita. Esitere ankagulitsa kachewere mumsika wa pa Dedza boma, ndipo analembetsa sukulu yamadzulo kuti amalize fomu folo. Aphunzitsi ankafuna ntchito zotayipa, koma laputopu ija ukaiyatsa unkatha kutereka madzi a tiyi mpaka kuwira isanatsegule maso.

M'mawa wina wa mu Juni, nkhungu itatsika m'phiri n'kuphimba tauni yonse, Esitere anaikulunga m'chitenje n'kupita nayo ku kashopu kokonzera mafoni pafupi ndi depoti. Mwini wake anali Vinsenti, mwamuna wamtali, wolankhula motsitsa, wa manja oyera ngati sagwira ntchito.

Ataiona ananena kuti makinawo sanafe. Vuto linali pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imene inkailemera ngati thumba la feteleza pamutu pa nkhalamba. Anati pali ina yopepuka yotchedwa Linux, yopangidwa ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana mothandizana, yoti aliyense akhoza kuona mmene inapangidwira n'kugawirako mnzake ngati mbewu ya chimanga chamakolo. Ndipo ndi yaulere.

"Chaulere ku Dedza kuno ndi chisanu chokha," anatero Esitere.

Vinsenti anaseka mpaka kugwira tebulo. Anatulutsa fulashi yofiira m'thumba la malaya, kuibaya m'mbali mwa laputopu, n'kuiyatsanso. Anafotokoza kuti uku n'kulawa chabe, Linux ikuyenda kuchokera pa fulashi osakhudza kanthu m'katimo. Sikirini inawala msangamsanga! Esitere anagwira pakamwa.

Koma anamuuza mosabisa zimene zinali m'makinamo, ndi kuti mwana wake amagonera nyimbo zimenezo. Vinsenti anayang'anitsitsa chithunzi cha ukwati chimene chinali pasikirini atachotsa fulashi ija.

"Amake Zione, ndikulonjeza. Sipadzatayika ngakhale chithunzi chimodzi."

Madzulo a tsiku lomwelo foni inalira, uthenga wa Vinsenti. "Mwafika bwino? Nkhungu yalero inabisa phiri lonse, koma nkhope yanu inalephera kuibisa."

Esitere anawerenga kawiri, n'kuika foni pansi pa pilo ngati mtsikana wa sukulu. Ndi liti pamene munthu anamulankhula chonchi komaliza?

Mauthenga anachuluka. "Amake Zione" anasanduka "Esi wanga", kenako "duwa la m'phiri". Vinsenti anayamba kubwera Lamulungu lililonse pochokera ku Misa, atanyamula buledi ndi shuga. Anakonza chitseko cha bafa, anagulira Zione juzi. Amayi a mumsika anayamba kumuseka Esitere kuti kachewere wake wayamba kutsika mtengo chifukwa mwini wake maganizo ali ku depoti.

Panali kanthu kamodzi kokha. Zione akayatsa nyimbo za bambo ake, Vinsenti ankasiya kutafuna. Ankayang'ana pansi, chala chikugogoda pa kapu. Tsiku lina anafunsa kuti, "Kodi m'nyumba muno muli amuna angati?" Kenako anaseka, n'kunena kuti akungocheza.

Esitere anasekanso. Sanali munthu wofulumira kuweruza. Mwamuna wopanda nsanje alipo ngati? Anadziuza kuti zidzatha zokha.

Vinsenti anatenga laputopu ija n'kukagona nayo ku shopu, kuti akakopere zonse. Loweruka masana anabwera nayo, n'kuonetsa fulashi yofiira ija m'mwamba. "Zonse zili umu, mtima m'malo." Kunja kunkawomba mphepo yozizira, mapaini akulira kumtunda, ndipo Zione anali kokaphunzira katekisimu.

Anakhala moyandikana pa tebulo. Vinsenti anabaya fulashiyo n'kuyamba kumuonetsa pang'onopang'ono, moleza mtima: apa tisankha chilankhulo, apa mtundu wa kiyibodi. Esitere ankatsatira bwino. Kenako panabwera tsamba la mizere yachizungu, uliwonse uli ndi kadontho kake kumayambiriro. Apa dzanja la Vinsenti linafulumira. Anasankha kadontho kachiwiri, ndipo panatumphuka kabokosi kodzaza mawu.

Esitere anawerama kuti awerenge, koma Vinsenti anamugwira chibwano n'kumutembenuzira kwa iye.

"Izi n'zongofunsa ngati mwakonzeka. Dinani inuyo, Esi wanga. Moyo watsopano muuyambe ndi dzanja lanu."

Esitere anakayika pang'ono. Koma maso a munthuyo anali pafupi, ofatsa, ndipo dzanja lake linali lofunda. Esitere anadina.

Masabata otsatira anali okoma. Laputopu inkayaka madzi asanafunde n'komwe. Esitere anaphunzira kupeza pulogalamu yotayipira, kusunga ntchito yake m'foda, ndi kuika mapulogalamu atsopano kuchokera m'kasitolo kaulere ka m'makinamo. Poyamba ankakwiya kuti chinthucho chimangofunsa pasiwedi ngati mlonda wa pa geti, kenako anazolowera. Tsiku lina anasochera n'kutsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo, anachita mantha kuti waononga, koma anapeza yekha potsekera. Anayenda monyada tsiku lonse.

Nyimbo zokha ndi zimene kunalibe.

Akafunsa, Vinsenti ankati fulashi yatsala ku shopu. Lamulungu linalo anati waibwereketsa mnzake wa ku Lilongwe. Kenako anati asathamange, Linux imafuna kuti zinthu zakale zilowe mwadongosolo. Usiku womwewo uthenga unafika: "Duwa langa, amalume avomera kudzaonekera kwanu mwezi wamawa. Tiyang'ane kutsogolo."

Esitere anasangalala, inde. Nanga n'chifukwa chiyani tulo sitinkabwera? Zione anali atasiya kufunsa. Ankangokhala pakhonde n'kumang'ung'udza nyimbo ya bambo ake, n'kumaima pakati, pamene mawu ake anali atayamba kumuthawa.

M'nyumba yoyandikana nayo munkakhala a Flossie, mphunzitsi wa makompyuta ku sekondale, amene anali atachokapo nthawi yonseyi kukachonga mayeso. Atabwerako anabwera ndi kompyuta yakale ya kusukulu kuti aikemo Linux, ndipo atamva kuti mnansi wawo wayamba kale anamuitana pa mpanda.

"Bwerani mudzandiphunzitse, akatswiri."

Anayamba bwinobwino, akuseka. Chilankhulo, kiyibodi. Kenako tsamba la timadontho lija.

A Flossie anachotsa dzanja pa mausi n'kunena kuti apa ndi pamene munthu woyamba kumene ayenera kupuma kaye. Kadontho koyamba kamaika Linux pambali pa zakale, osachotsa kanthu. Kachiwiri kamasesa nyumba yonse, zithunzi, nyimbo, chilichonse. N'chifukwa chake kabokosi kamatumphuka n'kukuchenjeza momveka kuti ukadina palibe kubwerera.

Esitere ananena motsitsa kuti kwake Vinsenti anasankha kachiwiri, koma zonse anayamba azikopera pa fulashi.

"Ndiye palibe vuto," anatero a Flossie. "Bola ikhale fulashi ina. Imene timaikira Linux imayamba yafafanizidwa yonse, sitisungirapo katundu. Anali ndi mafulashi angati?"

M'maganizo Esitere ankaona fulashi yofiira ili m'mwamba, pakati pa zala zoyera zija, kenako yomweyo ikulowa m'mbali mwa laputopu.

M'mawa mwake sanapite kumsika. Nkhungu inali itatsikanso, maminibasi akuyenda ndi magetsi pa msewu waukulu. Anapeza Vinsenti akutsegula shopu, ndipo fulashi imene inali ku Lilongwe ija inkalendewera pa makiyi ake.

Anamupempha kuti aibaye pa kompyuta ya m'shopumo, amve nyimbo imodzi yokha. Vinsenti anayamba kunena za magetsi, kenako za makasitomala. Esitere anangoima. Pomaliza mwamunayo anaika makiyi pa tebulo.

"Mulibemo nyimbo. Ndinatopa, Esi. Lamulungu lililonse ndizikhala pansi n'kumamvera mwamuna wina akuimba m'nyumba imene ndikufuna kukwatiramo? Wamoyo ndikanalimbana naye. Wa kumanda ndimugonjetsa bwanji? Ndinachita zimenezi chifukwa ndimakukondani."

"Mawu a malemu sanali anu oti mufafanize, a Vinsenti. Sanalinso anga. Anali a mwana."

"Mwana adzaiwala. Ndipo musandiyang'ane choncho. Batani lija munadina nokha."

Mawu amenewa ndi amene anamupyoza. Ndiye kuti pomugwira chibwano paja, pomutchula "Esi wanga", munthuyu ankakonzeratu podzathawira! Esitere anavula mpango umene Vinsenti anamugulira, anaupinda bwinobwino, kuuika pambali pa makiyiwo, n'kutuluka m'chisanu mutu uli pamtunda.

Asanafike kunyumba foni inalira katatu. "Duwa langa, tikambirane." Sanawerenge enawo.

A Flossie anamupeza atakhala pa khonde la kuseri, laputopu ili pamiyendo, chala chili pa batani loyatsira. Analowa pa mpata wa mpanda mofulumira n'kumugwira dzanja.

Anamuuza kuti asaiyatsenso. Anati zofafanizidwa sizichoka nthawi yomweyo, zimakhala ngati mizere ya m'munda wa chaka chatha, yooneka mpaka wina atalimapo. Linux ija inalimapo kale mbali ina, ndipo ntchito iliyonse imene Esitere anasunga inakwiriranso zina. Koma pali mapulogalamu aulere ofukulira zotsala, ndipo akhoza kuyesa kuchokera pa fulashi, osakhudza m'katimo.

"Zibwerera zonse?"

"Ayi. Sindikunamizani, mwanamizidwa kokwanira. Mwina zithunzi zingapo, mwina nyimbo yoduka pakati. Mwinanso osapeza kanthu."

Esitere anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kumsewu kunkamveka ana akuweruka kusukulu, ndipo Zione anali m'gulu lomwelo. Adzamuuza chiyani?

"Ndikuopa kuigwiranso, a Flossie. Dzanja langali."

"Muigwira ndithu, ndipo ndi dzanja lomwelo. Loweruka mubwere nayo kwathu, mwanayo abwerenso, timuuze zoona tili awiri. Ine ndikulonjeza kuti sindidzadina kanthu musanawerenge nokha mzere uliwonse n'kuumvetsa, ngakhale titathera mwezi pa tsamba limodzi. Inu mundilonjeze kuti mpaka tsikulo siyaka, ngakhale mwana alire bwanji."

Esitere anachotsa chala pa batani. Anakulunga laputopuyo m'chitenje, kumanga mfundo, n'kuipereka m'manja mwa mnansi wake.

"Ikagone kwanu. Ndikulonjeza, sindidzabwera kudzaipempha."