Ulonda wa pa Linga la ku Linthipe

Anthu amati paja m'pokongola. Kukongola kwa chiyani? Ine Rute, mkazi wa a Ackim, ndikamadutsa paja ndimalavula.

Kale panali linga la asilikali m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, lanjerwa, lomangidwa ine ndisanabadwe. Asilikali atasamuka linasanduka bwinja, mbuzi n'kumagonamo. Itangotha njala ija ya fote naini, a boma anati pakhale paki, poti anthu azikapuma Lamulungu. Anagwetsa makoma, kubzala kapinga ndi maluwa, kuika mabenchi. Anangosiya kanyumba ka mlonda pachipata, kongokwana munthu mmodzi choimirira.

Amuna anga analembedwa ntchito yothirira maluwawo. Iwowa anali msilikali wa Keyala. Anakamenya nkhondo ku Bama n'kubwerako opanda ndi chipsera chomwe, kudzathera pa maluwa, kwawo komwe.

Munali mu Juni, chisanu chathu chija choluma makutu. Ndinaphika kachewere, kudikira, munthu osabwera. Mwana wathu Yeremiya anali kwa amalume ake ku Kasina. Ndinati aa, ali pa kachasu awa, lero andiona. Ndinanyamula nyali, ulendo wa kupaki, ndikutukwana njira yonse.

Kumtsinje nkhungu inali itatsika. Madzi okha ndiwo ankamveka. Nditayandikira chipata ndinamva chinthu chikugunda pansi. Gu! Kenako zii. Gu!

A Ackim anali ataima, kheni yothirira ili m'manja. Patsogolo pawo, pakhomo pa kanyumba kaja, panali munthu wamtali, chisoti chofiira kumutu, kumapazi kopanda nsapato. Ankagunditsa tsinde la mfuti pansi. Ndinakweza nyali, koma kuwala sikunafike pankhope pake.

"Ima! Ndani?" anatero munthuyo.

Munthu wamba akanaliyatsa liwiro. Koma usilikali sutuluka m'mafupa. A Ackim anaponya kheni, kugunditsa zidendene, n'kutchula dzina ndi nambala yawo yakunkhondo.

"Mwachedwa," anatero uja, mawu ake otopa. "Anzanga anasamuka osandisintha. Miyendo yatha. Mwabwera kudzalandira?"

"Bambo a Yeremiya, musayankhe!" ndinakuwa.

Sanacheuke n'komwe. "Ndalandira," anatero, natambasula manja onse awiri.

Uja anawapatsa mfuti, nausa moyo kwambiri, natsikira kumtsinje akutsimphina. Sindinamve madzi akuthovuka. Nditayang'ana m'manja mwa amuna anga munalibe kanthu, koma zala zinali zitafumbata, phewa litapendekera ngati asenza cholemera. Analowa m'kanyumba muja naima njo. Ndinakoka malaya, kuwamenya makofi, kulira, koma zinali ngati ndikukoka mzati wa nyumba. Ndinagona pamapazi pawo mpaka dzuwa litatuluka, pomwe anangoti khu pansi n'kufunsa madzi akumwa.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likangopendeka, iwo ulendo. Mvula, chisanu, malungo, zilibe kanthu. Tinawamangapo ndi chingwe, anadula ndi mano. Bambo mfumu anabwera kudzawaza madzi odalitsa. A Rashidi asitolo anatibweretsera shehe wawo, Mulungu awadalitse. Zonsezo anthu akuchita, mwiniwake ali chiimire, maso patsogolo.

Amene anandimasulira ndi a Ezara, mnzawo wakunkhondo wa amuna anga.

"Mlamu, mlonda sachoka pamalo mpaka msilikali mnzake amusinthe. Lamulo lake ndi lomwelo."

"Ndiye pitani mukawasinthe! Si paja mumati anakunyamulani kumsana ku Bama?"

A Ezara anayang'ana pansi. "Mlamu, ndili ndi ana."

Ndinayenda kwa onse obwera kunkhondo, ku Mphunzi, ku Chimbiya, kugwada ngati wopempha mchere. Ena ankandiona patali n'kutseka chitseko. Mapeto ake ndinapita ndekha usiku wina, n'kuima patsogolo pawo.

"Ndabwera kudzalandira," ndinatero.

"Nambala?"

Ndikanaitenga kuti ine?

"Bwererani, mayi," anatero, ngati sanagonepo nane mphasa imodzi.

Zaka zapita ndithu. Miyendo yawo inatupa ngati mitondo, zilonda sizipola, masana amangogona osalankhula. Lamulungu anthu amakhala pamabenchi paja akudya nzimbe, ana akubisalirana m'kanyumba komweko. Amanong'onezana kuti uyo ndi mkazi wa wamisala wa pa linga. Anene, pakamwa mpawo.

Chimene chandisowetsa tulo ndi china. Chaka chatha Yeremiya anathawa pakhomo, kukalowa Keyala ku Zomba. Ndinagubuduka pabwalo mpaka nsalu kung'ambika. Ine ndinkati wakopeka ndi yunifolomu, chibwana basi. Koma a Ezara anaulula kuti asanapite anakawafunsa za lamulo lija, kawiri konse.

Sabata yatha dalaivala wa lole anasiya uthenga pa Chimbiya, kuti mwana akubwera kutchuthi mwezi ukaoneka. Ndinabweza mawu omwewo: asayerekeze, aiwale kuti ali ndi amake. Koma ndimamudziwa mwana wanga, mtima ndi wa bambo ake. Abwera basi.

A Ackim sindinawauze. Kaya anamva kwa yani. Dzulo madzulo, akukwawira kuchitseko, anaima n'kundiyang'ana, nkhope yowala, kumwetulira komwe ndinakuiwala kalekale.

"Mayi a Yeremiya, mwana uja ali ndi nambala tsopano, eti?"



"Miyendo yatha," anatero, natuluka.