Felista Sayankha

Madzulo aja Felista ankasenda chinangwa pakhonde, mwana wake Tikondane ali kumsana. Foni inalira. Sanaiyang'ane n'komwe. Uthengawo ankaudziwa: "Madzi pamlatho: 3. Yankhani EYA."

Mwamuna wake, Makina, ndiye ankawerenga ndodo yoyezera madzi pamlatho, kunsi kwa phiri la Michesi. Ankatumiza nambala ku kompyuta ya kuboma, iyo n'kumagawira onse olembetsa. Ukayankha EYA, imakusiya. Ukapanda kuyankha, imangobwereza.

Makina anapita ndi madzi dzinja latha, foni ili m'thumba. Uthenga wake womaliza Felista sanauyankhe. Ndiye unkabwerabe madzulo alionse, ngati nkhuku zobwerera kukhola.

Atagona, foni inaliranso, koma nambala itasintha. 4.

Anatuluka. Nyenyezi zili ngwee, kopanda ndi dontho lomwe. Inaliranso. 5.

Anangobereka mwana n'kutsika njira ya kumlatho. Mtsinje unali wochepa, ukuyenda mwaulesi. Koma pandodo paja panali munthu atanjuta, atafulatira. Malaya ake ankadontha madzi. Foni inkamuwalira pachibwano.

"Bambo a Tikondane?"

Munthuyo sanacheuke. Chala chokha ndicho chinayenda. Foni ya Felista inalira m'dzanja. 7.

Kamphepo kanatsika kuphiri, kakununkha matope. Felista anabwerera n'kukagogoda kwa Jenifer, neba wake.

"Mwayamba misala, amayi a Tikondane? Foni yanga ili zii!"

"Tengani ana."

Jenifer anamuyang'ana kumaso, n'kusiya kuseka. Anadzutsa enanso. Madzi anafika m'bandakucha, miyala ikugubuduzika, anthu ali kutchalitchi chapamtunda. Pamene panali nyumba ya Felista panatsala mchenga.

Patapita masiku kunabwera a Kaliati, oyang'anira kompyuta ija. Anaiona foniyo nthawi yaitali.

"Mayi, kompyuta siipeka nkhani. Imangopereka zimene yapatsidwa. Enawa anayankha kalekale, za a Makina zinatsekeka kwa iwo. Kwatsala kwa inu nokha."

"Nanga akutumizayo ndani?"

A Kaliati anabweza foni, n'kukwera njinga yawo.

Madzulo, mukalasi ya pasukulu momwe othawa madzi ankagona, Jenifer ananong'ona: "Anthu akunena kuti mwamuna wanu sakugona chifukwa cha inu. Muyankheni, akapume."

Foni inalira. 3.

Felista anaika chala pabatani. Anayang'ana Tikondane, ali mtulo pachitenje. Kunja mitambo inali itayambanso kusonkhana pa Michesi, ndipo dzinja linali lisanafike pakati.

Anachotsa chala osadina, n'kuika foni kumutu kwa mwana, n'kugona.