Mawu a Aphunzitsi M'chipinda Chosokera

Usiku wa Lolemba, amayi atelala anadzutsidwa ndi mawu a munthu amene anamuika m'manda miyezi isanu ndi iwiri yapitayo.

"Atelala, mwasiya ayironi yoyaka."

Mawuwo anali apansipansi, ochokera kuchipinda chosokera. Iwo anadzuka mwachizolowezi uku akung'ung'udza, n'kukapeza ayironi itayamba kale kuwaula bulangeti la patebulo. Anaizimitsa. Ndi pobwerera kukagona pamene anakumbukira kuti m'nyumbamo munalibenso munthu wowakumbutsa za ayironi.

Amuna awo anali mphunzitsi, ndipo aliyense, ngakhale mkazi wawo yemwe, ankawatchula kuti aphunzitsi. Matenda a shuga atawalanda maso, mphuno yawo inasanduka mlonda wa nyumba yonse. Cholembera chitawakanika, anayamba kujambula mawu awo pakompyuta yakale imene inkakhala pakona, pafupi ndi makina osokera. Ankasimba za ubwana wawo, ankalangiza zidzukulu zosabadwa, nthawi zina ankangodandaula kuti ana a masiku ano sadziwa masamu. Chimwalirireni iwo, madzulo aliwonse amayiwo ankatsegula fayilo imodzi n'kumamvetsera akupinda mipendero. Chuma china analibe, koma mawu amenewo.

Tsono kompyutayo inali itakalamba. Ukaiyatsa, unkatha kuwiritsa madzi a tiyi n'kumwa isanadzuke. Lolemba lomwelo masana, mzime wawo, namwino amene ankakhala ndi mwamuna wake kuseri kwa msewu, anabwera ndi fulashi, kachipangizo kosungiramo za m'kompyuta, m'manja.

"Amayi, pali pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, amati Linakisi. Ndi yaulere, ndipo makina okalamba ngati awa imawabwezera unyamata."

"Zaulere ndimaziopa ine. Nanga mawu a bambo ako?"

"Ndinawakopera kale pafulashi Loweruka lija. Mtima m'malo."

Amayiwo anaima kumbuyo kwa mpando, tepi ili m'khosi, akuonerera kompyuta ikufunsa chilankhulo, nthawi, dzina ndi nambala yachinsinsi. Kamzere kanakwawa pasikirini mpaka kanadzaza. Itayakanso, inadzuka msanga ngati mwana womva fungo la chakudya, ndipo onse anaseka. Kenaka mtsikanayo anatsegula fulashi ija, anayang'anitsitsa, n'kusiya kuseka.

"Musaiyatse sabata yonse ino," anatero osawayang'ana kumaso. "Ikufunika ikhazikike kaye."

Amayi ake anavomera, poganiza kuti mwina zimenezi zili ngati simenti.

Lachiwiri kunali zii. Koma Lachitatu pakati pa usiku, agalu a mumsewu atatopa kuuwa, anamva kafani ka kompyuta kakupuma m'mdima, pang'onopang'ono, ngati munthu wodwala chifuwa. Kuwala kotuwa kunadutsa pansi pa chitseko n'kudzagona pasimenti ya m'khonde. Kenaka chinamveka chikhosomo chimene ankachidziwa kuposa chawo chomwe.

"Chaka chimene ndinalephera mayeso…"

Mawuwo anaduka. Patapita kanthawi kunamveka kuseka kwa aphunzitsi, nakonso kunadukira pakati. Amayiwo anafunda bulangeti kumutu, thukuta lili kamukamu, ndipo tulo sanationenso. M'mawa anapeza nsalu yobiriwira imene ankavundikira kompyuta itayalidwa chagada, msoko uli kunja. Telala sangayale nsalu motero ngakhale atatseka maso.

Lachinayi zinanyanya. Mawu aja ankachita chibwibwi, liwu limodzi kulibwereza kasanu, kenaka n'kumira m'phokoso longa mvula ya pamalata. Kutacha, aneba awo ogulitsa mazira anawaitanira kumpanda.

"Asisi, musandione ngati wamiseche," ananong'ona. "Anthu akuti aphunzitsi akumveka usiku. Akuti mwawasamutsa m'makina mwawo osawauza, ndiye akusowa pokhala."

Masana omwewo mayi wina anabwera kudzatenga diresi lake lisanathe kusokedwa, ndipo anakana kulowa, anangoimirira pakhomo.

Zonena za anthu sizinawapweteke kwenikweni. Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti mawuwo ankamveka osweka, ngati a munthu amene akuvutika. Zaka makumi atatu anawasamalira bambo amenewa, ndipo sakanatha kugona iwo akulira kuseri kwa khoma. Lachisanu usiku anazimitsa magetsi onse, anatenga lumo lalikulu lodulira nsalu, n'kukakhala pansi m'chipinda chosokera, kuseri kwa madiresi opachikidwa.

Mdima unali wa ndiweyani. Wotchi ya pabalaza inkagunda, ndipo madiresi aja ankawakhudza kumaso nthawi iliyonse akapuma. Anthu onse atagona, kiyi anatembenuka pachitseko chakumbuyo. Mapazi opanda nsapato anayenda m'khonde, anaima, anayendanso. Chithunzithunzi chinalowa, chinachotsa nsalu ija, ndipo sikirini itayaka inaunikira nkhope yotupa maso ya mzime wawo.

"Iwe!"

Mtsikanayo anakuwa n'kugwa pampando. Ataona lumo, kenaka nkhope ya amayi ake, anagwada pansi misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, ndinalakwitsa. Mawu a ababa ndinawakoperadi pafulashi. Koma Lamulungu ndinatenga fulashi yomweyo n'kuikapo Linakisi, osadziwa kuti kutero kumafufuta zonse zimene zilipo. Ndiye kompyuta itandifunsa ngati ifufute zakale, ndinavomera ndi mtima wonse, poti ndinkati ndasunga."

Lumo lija linagwa m'manja mwa amayiwo.

"Ndiye kuti apita? Apitanso kachiwiri?"

"Si onse. Mnzanga wa kuntchito anandisonyeza pulogalamu yofukula zofufutidwa, n'chifukwa ndinati musaiyatse, kuopa kuti zatsopano zingakwirire zakale. Koma zimatuluka zopanda maina, manambala okhaokha, ndiye ndimatsegula imodziimodzi kuti ndimve ngati ali ababa. Ena ndi osweka. Ndapeza makumi asanu ndi limodzi abwinobwino." Anapukuta mamina ndi mkono. "Ndinkafuna ndidzakuuzeni nditawapeza onse. Ndimaopa nkhope yanu, amayi."

Mkwiyo unawakwera, koma atayang'ana maso ofiira a mwana amene ankachoka kuntchito n'kudzachezera kufukula bambo ake m'makina, unabwerera wokha. Anamudzutsa, anakoka mpando wina, ndipo anakhala limodzi kumvetsera. Aphunzitsi anasimba za mayeso aja mpaka kumapeto, ndipo awiriwo anaseka akulira.

Kunja kutayamba kuyera, amayiwo anamugwira paphewa.

"Undiikireko ija ya ayironi. Sindikumbuka kuti anaijambula liti."

"Ya ayironi iti?"

"Imene unatsegula Lolemba usiku. Ukanapanda iwe, bwenzi nyumba ino itapsa."

Mtsikanayo anapukusa mutu.

"Lolemba ndinali pantchito ya usiku, amayi. Kuno ndinayamba kubwera Lachitatu. Ndipo Lolemba m'kompyutamu munalibe kanthu."

Kafani kaja kanapitiriza kupuma pakati pawo. Amayiwo anadikira mwanayo azimitse kompyuta, anatenga nsalu yobiriwira n'kuiyala bwinobwino, msoko uli mkati. Kenaka anapita patebulo, anagwira ayironi yozizira, ndipo analankhula ndi mawu a masiku onse, akuyang'ana kukona kuja.

"Ndazimitsa, aphunzitsi. Kagoneni."