Wadson Ali Pansi pa Nyumba ya Kanema

Amene anandilakwira ndi Blasius, kapitawo, chaka chimene tinkamanga nyumba ya kanema pa Balaka, nkhondo yachiwiri isanayambe. Ine ndi mng'ono wanga Wadson tinkakumba maziko. Tsiku lina ndinagona ndi malungo, Wadson anapita yekha, ndipo sanabwereko. Blasius anati wathawa msonkho, wabwerera kwa Apwitikizi. "Inu Anguru ndi mmene muliri," anatero. Munthu angathawe n'kusiya mkazi wapakati? Sabina, mkazi wakeyo, anadikira mpaka imvi. Sitinamete, sitinalire, pakuti wamoyo samulira maliro.

Kanema anayamba. Azungu ndi Amwenye pamipando, anthu akuda pansi kutsogolo. Ine sindinapondemo.

Itatha njala yaikulu ija, nyumbayo inagulidwa kuti azisungiramo thonje. Anazula mipando, nati pansi athire simenti. Kapitawo anali Blasius yemweyo. Ine, poti umphawi ulibe manyazi, ndinalembedwa ntchito yosalaza dothi.

Tsiku lina titaweruka ndinabwerera kukatenga khasu langa. Mdima unali utagwa. M'katimo munkanunkha dothi lonyowa, chikhalirecho kunali chilimwe. Pafupi ndi khoma loyera loonetserapo zithunzi panakhala munthu pansi, atandifulatira. Matope m'mutu. Matope kumsana. Khutu lakumanzere linali loduka nsonga, pamene galu anamuluma Wadson ali mwana.

"Wadson?"

Sanatembenuke. Anangosisita pansi ndi chikhatho, pang'onopang'ono, monga achitira munthu pokuonetsa pokhala. Ndinatuluka chokwawa.

M'mawa ndinamuima pamaso Blasius. "Akapitawo, tikumbe pakhoma apo. Dothi linamugumukira Wadson, inu munangokwirira poopa bwana. Ndanama?"

Anaseka. "Achimwene, ameneyo ndi kachasu wa kwa a Dorica. Chokani, simenti ikuuma."

Ndinapita kumishoni, abambo anati ndipemphere. Ndinapita kupolisi, anayamba ndi kundifunsa chiphaso cha msonkho. Pobwerako ndinapeza athira kale, ndipo Blasius anandiingitsa pachipata ngati nkhuku.

Kutacha, amisiri potsegula loko anamupeza Blasius m'kati. Anali atakhala pansi pakhoma lija, maso tong'o, mapazi atamira mu simenti youma mpaka m'akakolo. Kiyi anagona m'thumba mwa bwana, mawindo onse okhoma matabwa. Anachita kumuswera ndi nyundo kuti amuzule. Pamsika ankanong'onezana kuti anachita kuitanidwa.

Ndinawagwadira amisiri aja kuti poti aswa kale, angokumbako pang'ono. Iyayi. Anamata dzenjelo, masana thonje n'kusanjapo. Mng'ono wanga ali pomwepo mpaka lero, akusenza mabelo a eni ake.

Blasius sanayankhulenso. Anafera ku Liwonde kwa mlongo wake mvula yoyamba isanagwe. Iyeyo anamuika m'bokosi, kwaya ikuyimba.