Manja Onjenjemera a Edith

Edith anafika padoko la Nkhata Bay ali ndi chikwama kumsana, mtima uli m'mwamba. Iye anali atawauza amayi ake kuti akubwerera kuyunivesite ku Mzuzu, komwe ankaphunzira unamwino, koma maminibasi a ku Mzuzu anawalambalala. Ankafuna kukwera sitima ya Ilala kuti akabisale kwa azakhali ake ku Likoma mpaka mayeso a mawa lake atadutsa. Anali mayeso obwereza, mwayi wake womaliza. Kulepheranso kapena kujomba, sukulu ikanathera pomwepo.

Mtsikanayu sanali mbuli ayi. Zaka ziwiri zoyamba ankakhoza mpaka anzake kumutcha Dokotala. Koma chaka chachitatu chinamutafuna ngati nzimbe. M'mawa kalasi, masana kuwodi, Loweruka kuthandiza anzake maphunziro, Lamulungu kwaya. Mawu oti "sinditha" sankawadziwa. Pang'onopang'ono anayamba kuwerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu. Chakudya chinasiya kukoma, ndipo odwala omwe kale ankawamvera chisoni anayamba kumutopetsa. Tsiku la mayeso ochita ndi manja, atamuuza kuti amange bala pachidole chophunzirira, m'mutu munangoti zii. Anaima ngati chitsa, manja akunjenjemera, mpaka belu linalira. Kuyambira pamenepo manja akewo ankawaopa.

Padokopo panali piringupiringu. Edith anaima kuseri kwa mulu wa matumba a ufa kuti wina wa kutchalitchi asamuone. Pajatu Nkhata Bay ndi yaing'ono: ukayetsemula kumsika, kunyumba akudikira ndi mankhwala a chimfine.

Mwadzidzidzi kunamveka chiphokoso cha malata, kenako kukuwa. Bambo wina wonyamula katundu, dzina lake Percy, anaterereka atasenza malata, ndipo limodzi linamucheka pamkono. Magazi ankatuluka ngati madzi a paipi yobooka.

"Thirani mchere!" wina anakuwa.

"Ayi, dothi!"

A Yoram, dalaivala wa lole yomwe inabweretsa malatawo, anafika akuthamanga ndi botolo la mafuta a mabuleki. "Patukani! Awa amaumitsa bala pompano. Ife apamsewu mankhwala athu ndi amenewa."

Edith anasuzumira ali kuseri kwa matumba aja. Ankadziwa kuti mafutawo aononga bala, koma ankachita mantha kwambiri. "Ndine ndani ine? Ndinalephera chidole, ndiye ndithe munthu?" anatero mumtima. Koma ataona botolo likupendekeka, pakamwa panatseguka pokha.

"Ayi, adada! Musathire!"

Anthu onse anatembenuka.

"Iwe ndiwe ndani?" anafunsa a Yoram.

"Si mwana wa NyaManda uyu, wophunzira unesi?" anatero mayi wina wogulitsa nthochi. "Mupatseni mpata, mwe!"

Kubisala kunathera pomwepo. Edith anagwada, anasolola chitenje m'chikwama, anachipinda, n'kupsinja pabalapo ndi mphamvu zake zonse. Mkonowo anaukweza m'mwamba. Manja ake ankagwedezeka moti aliyense ankaona.

"Anesi, mukunjenjemeratu," anatero Percy ndi mawu ofooka. "Ndifa kodi?"

"Woopa ndine, inu ayi. Musasunthe. Tanditchulireni mayina a ana anu."

Percy anayamba kutchula. Asanafike pa wachitatu, magazi anali atabooleza chitenje chija. Dzanja la Edith linafuna kuchotsa nsaluyo kuti aone ngati walakwitsa, koma china chake chinamuletsa: nsalu yoyamba sachotsa, amasanjikiza ina pamwamba. Sanachite kuganiza za tsamba lomwe anaziwerengapo. Zinangobwera.

"Amama, chitenje chanucho! Adada, siyani botololo, lizani galimoto!"

A Yoram, bambo wa imvi zake, anathamanga ngati mwana wotumidwa. Lole ikutuluka padoko, sitima inaliza hutala. Edith anaimva ali kumbuyo kwa loleyo, atagwirabe mkono wa Percy. Njira yonse ankangoyang'ana milomo ya bamboyo, kuopa kuti asiya kuyankhula.

Kuchipatala, Percy atamulowetsa mkati, namwino wina wachikulire anatuluka.

"Wamanga mkono uja ndani?"

"Basi, ndaononga," anaganiza Edith. Anayankha monong'ona, "Ndine."

"Wamanga bwino. Mukanachedwa, kapena mukanathira zothirathira zanuzo, bwenzi tikukamba zina." Namwinoyo anamuyang'anitsitsa. "Ndiwe wasukulu eti? Chaka chachitatu?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Nkhope imeneyo inenso ndinaivalapo. Unagona liti tulo teniteni? Unadya liti?"

Edith anafuna kuyankha, koma misozi inatsogola. Anafotokoza zonse: za chidole, za mayeso a mawa, za Likoma.

"Mwana wanga, nzeru sizinathawe, watopa chabe," anatero namwinoyo. "Lero buku usalitsegule. Kadye, kagone. Ndipo ukafika kusukuluko, ukauze aphunzitsi ako mmene ukumvera. Mutu umodzi susenza denga."

Panja, a Yoram anali akupukuta magazi mulole. Botolo lija anali atalibweza pansi pa mpando.

"Anesi, ine ndikukwera ku Mzuzu. Ngati mumadikira sitima ija, yapitatu."

"Ndikudziwa. Dikirani pang'ono, ndiimbire kaye amayi. Ndikufuna amve kwa ine, asanamve kwa mayi wa nthochi uja."

M'mawa mwake Edith analowa m'chipinda cha mayeso. Chidole chinali chomwe chija, chitagona pabedi lomwe lija. Belu linalira, ndipo manja anayambanso kunjenjemera. Anawayang'ana. M'chikhadabo china munali mutatsalira kadontho ka magazi a Percy.

Anapita pampopi, anasamba m'manja, n'kutola bandeji.