Dzenje la Kuseri kwa Nyumba ya a Dyson

Chimene Twambilile anayamba kuona ndi matope pa zofunda. Anali matope akuda, a panja, atamatirira kumiyendo kwa bedi la a Dyson, nkhalamba imene ankaisamalira ku Erdington, mumzinda wa Birmingham, munthu woti kuchoka pampando kupita kuchimbudzi ankachita kukhwekhwereza chitsulo choyendera. Anasintha zofundazo, nawapukuta mapazi omwe anali ozizira ngati nsomba ya m'firiji, koma sanauze munthu. Paja iye anabwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, ndipo ankagona m'nyumba momwemo. Ejense imene inamulemba ntchito ikanangomva kuti nkhalamba ikutuluka iye ali m'tulo, ntchito ikanatha, chipinda chikanatha, kenako ulendo wobwerera kwawo ku Karonga.

Nkhani yake inayambira pamadzi. Akazi awo a Dyson, mayi Janet, atamwalira anawatentha, monga amachitira kuno. Awiriwo anakalamba akulakalaka kudzakwera sitima yopita kumpoto kwenikweni, kumene nyanja imaundana. Bambowo anati apitabe, atenge phulusalo akalithire kumeneko, ndipo Twambilile anawaperekeza kuti aziwakankha pa njinga yawo.

Atabwerako ankatifotokozera kutchalitchi, ife kukamwa yasa. Ankati dzuwa silinkalowa, limangozungulira ngati lasochera. Mapiri a ayezi ankayandama pafupi ndi sitima, mkati mwake muli buluu, ndipo akamasweka ankalira ngati mfuti. Anaona zinyama zonga mvuu koma za minyanga, zitaunjikana pagombe, fungo lake lofika mpaka m'sitima. Anaona chimbalangondo choyera chikudya, kukamwa kuli psuu, azungu onse ali zii, akujambula. Anamva anamgumi akupuma pafupi, mpweya wautali wonyowa, ngati munthu wamkulu wotopa. Koma chimene chinamuvuta mumtima n'chakuti kunalibe mtengo ngakhale umodzi, kunalibe dothi loti munthu n'kuloza kuti mayi anga ali apa.

Tsiku lothira phulusa, manja a bambowo ankanjenjemera, ndiye anamupempha iyeyo kuti athire. Anathiradi. Koma poona madzi akudawo akumeza mayi wa eni ake popanda ngakhale mtumbira, mtima unamukana. Anatapa dzanja limodzi, namanga pansonga ya chitenje. Izi sankatiuza kutchalitchi. Atafika ku Erdington anakumba kadzenje patsinde pa mtengo wa maapozi kuseri kwa nyumba, anadula nsonga ya chitenje ija n'kukwirira kansaluko, napemphera monong'ona. Kwa iye, anali atawachitira ulemu mayiwo.

Chilimwe chonse kunali bata. Zinayamba nyengo ija kumada anthu asanaweruke.

Matope aja atabweranso, anatuluka kukayang'ana kuseri. Patsinde pa mtengo panali pofukulidwa. Anadziuza kuti ndi nkhandwe, poti m'tauni muno zimangoyenda ngati agalu, ndipo anakwirira ndi phazi. M'mawa mwake dzenje linali litabwerera, lokulirapo, m'mbali mwake mosalala. Nkhandwe sisalaza.

Kenako kunabwera kuzizira. Hita inkatentha bwinobwino, ukaigwira n'kuwotcha, koma m'chipinda cha a Dyson mpweya unkatuluka utsi m'kamwa. Madzulo ena akutsuka mbale, kunja kuli bii, anamva kuseri chinthu chikupuma. Mpweya wautali, wonyowa, kenako chete, kenako kachiwiri. Anaudziwa. Anazimitsa mpope, mbale ili m'manja, ndipo patali pang'ono, ngati pansi pa nthaka, china chake chinalira ngati ayezi akusweka. Mayi wa nyumba yoyandikana anadzamufunsa ngati anagula firiji yatsopano, akuti khoma lawo layamba kuzizira. Ena mumsewumo ankanena kuti galu wa pakona wayamba kukana kudutsa pageti pawo.

A Dyson anayamba kutsokomola. Mwana wawo Tiffany, yemwe ankabwera Loweruka kuchokera ku Coventry, anapeza dothi m'zikhadabo za bambo ake. Sanakalipe. Anangonena motsitsa kuti akadzapezanso zoterezi adzaimbira ku ejense, ndipo anamuyang'ana Twambilile nthawi yaitali.

Ndiye Twambilile anakhoma chitseko cha kuseri, kiyi n'kumangirira m'chiuno, nakhala pamasitepe mumdima atafunda bulangete. Sakumbuka kuti anagona. Chimene chinamudzutsa ndi mphepo pa akakolo. Chitseko chinali pululu, kiyi ali m'chiuno mwake momwemo. Pansi pa mtengo, a Dyson anali atagwada, opanda nsapato, opanda chitsulo chawo, akukumba ndi manja pang'onopang'ono ngati munthu wodziwa muyeso.

Anawafundika bulangete lija. “Bambo, tiyeni m'nyumba, mudwala,” ananong'ona.

Iwo sanadzidzimuke. Anamuyang'ana ndi maso abwinobwino. “Janet akuthokoza, mwanawe,” anatero. “Akuti kuja kunali kozizira, iye sankakufuna n'komwe, ankangonditsatira ine. Koma akuti malo unakumbawa ndi ochepa. Awiri sitikwanapo.”

Twambilile anali asanawauzepo za kansalu kaja. Anali asanauze aliyense.

Kunja kukuyera, bambowo thupi linali moto, kupuma kukuvuta. Apa panalibenso zobisa. Anaitana ambulansi, ndipo itawatenga anaimbira Tiffany, namuuza zonse: phulusa, chitenje, mtengo, matope amene ankachapa mwakachetechete. Ankayankhula akudziwa kuti akudzichotsa yekha ntchito.

Tiffany anadzera kuchipatala, kumene anamuuza kuti ndi chibayo, ndipo anafika kunyumbako madzulo. Anapitirira osavula jekete, mpaka kuseri. Anaima pa dzenjelo nthawi yaitali. Tsopano linali lalitali ngati bedi la munthu mmodzi, ndipo ngakhale tsiku lonse kunagwa mvula, m'mbali mwake munali mutachita ayezi. Ananena kuti iye paulendo uja sanapite nawo, ndipo kuyambira pamenepo analibe poti n'kukawalankhulira mayi ake. Kenako nkhope inauma. Anati bambo ake akabwerera m'nyumba muno amoyo, ku ejense sakanena kanthu. Akapanda kubwerera, anena zonse.

Atatero anafunsa, mawu ali pansi, ngati akuopa kuti wina amva. “Kwanuko, manda akakumbidwa munthu asanafe, mumatani?”

Twambilile anayankha kuti manda sagona opanda kanthu, amaitana munthu. Kwawo amadula thunthu la nthochi, n'kuligoneka m'menemo, n'kukwirira ngati maliro, kuti dzenjelo likhute.

Nanga nthochi ku Birmingham mwezi wa Disembala? Twambilile anakumbukira Phyllis, namwino wa kutchalitchi kwathu amene amakhala ku Wolverhampton, yemwe ankasunga nthochi mumphika pabalaza, ankati imamukumbutsa kwawo. Anapita limodzi ndi Tiffany pa galimoto yake. Phyllis poyamba anaseka, kuti Twambi iwe, mpaka ku Ulaya kuno, ndiye ndiwauza chiyani abusa? Ataona nkhope ya mzungu uja, kuseka kunatha. Anakatenga mpeni wa buledi, anadula yekha, nakulunga thunthulo m'nsalu yoyera ya patebulo, osafunsanso china.

Analiika m'dzenje awiriwiri, akuunikira ndi foni. Tiffany anaponya dothi loyamba monga anamuuzira. Anakwirira, anapondaponda, anasamba m'manja panja, nalowa osacheuka. Usiku umenewo m'nyumba munafunda koyamba. Kuseri sikunamveke kupuma kulikonse. Tiffany anagona pa sofa, ndipo asanagone anaimba kuchipatala, anamuuza kuti bambo ake kutentha kwatsika, amwa tiyi, afunsanso za mpira.

Twambilile ndiye anayamba kudzuka. Anaika ketulo pamoto, nasuzumira pawindo. Kenako anapita kukamugwedeza Tiffany paphewa.

Thunthu lija linali pa udzu, litagonekedwa bwinobwino pambali, nsalu yoyera itapindidwa mwaudongo pamwamba pake, ngati mmene mayi wa pakhomo amabwezera mbale ya eni ake. Dzenje linali lotseguka, dothi lake litaunjikidwa mbali imodzi. Anaima pawindopo awiriwo, ketulo ikuwira kumbuyo kwawo, ndipo panalibe amene anafuna kuyamba kuimba kuchipatala.