Lamba wa Mpando Wopanda Munthu

Kabawi ankaanula zovala za mwana wake pachingwe pamene kulira kunamveka kumapeto kwa mudzi. Dzina lakelo anamupatsa ndi anthu oseka, atamva kuti mayi wamasiye wa mwana mmodzi akuphunzira kuyendetsa ndege pakabwalo ka kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Iye sankazitengera. Ankafuna laisensi basi, kuti tsiku lina azidzanyamula odwala kupita nawo kuchipatala chachikulu. Ndipo masana a tsiku limenelo anali atauluka yekha koyamba, mphunzitsi wake atatsala pansi.

Womwalirayo anali kalipentala, chimunthu chachitali cholowa m'nyumba chowerama. Anagwa akupala thabwa, wosadwala ngakhale chimfine. Mkazi wake ankangobwereza kuti bamboyo anagwira makutu n'kunena kuti, "Madenga ali pansi panga." Amene anasambitsa mtembo anatuluka akudzinunkhiza m'manja. Ankati pakumveka fungo la mafuta a ndege, ndipo m'chiuno mwa malemuyo munali mzere wofiira ngati anamangidwa chingwe.

Kabawi atamva za mzerewo, anakumbukira lamba wa m'ndege. Pabwalo paja pali lamulo lakuti wophunzira akamauluka yekha, lamba wa mpando wopanda munthu azimangidwa zolimba kuti asakole chiwongolero. Mphunzitsi anamanga yekha, iye akuona. Koma atatera anapeza lambayo atatalikitsidwa, mpando utakankhidwira kumbuyo kwenikweni monga amachitira anthu amiyendo italiitali. Anaukhudza. Unali wofunda.

Anadziuza kuti ndi dzuwa. Munthu akachifunitsitsa chinthu amadzinamiza bwino kwabasi.

Ulendo wachiwiri wouluka yekha, ndege inatha msewu wonse wa pabwalopo isananyamuke, injini ikubuula ngati yasenza matumba. Mumlengalenga inkangopendekekera kumanja, ndipo m'kati munadzaza fungo la masamba a tomato. Kabawi sanayerekeze kucheuka. Atatera, lamba anali atakokedwa mpaka pothera. Pofika kunyumba anapeza anthu olira maliro atadzaza pakhomo loyandikana ndi lawo, pa mayi wonenepa wogulitsa tomato, amene m'mawa womwewo anamukuwira kuti, "Udzandikwezeko, Kabawi, ngati ingandithe!"

Zitatero manong'onong'o anali mudzi wonse. Ena ankaloza mphunzitsi, ena mlonda wa pabwalo, ambiri Kabawi yemweyo. Ndege ikangolira patali, agalu ankauwa dzuwa lili paliwombo, amayi n'kumakokera ana m'nyumba ngati denga lingawabise. Dzina lija anthu anasiya kuliseka. Koma amene ankakweza anthuwo m'ndege palibe anamuona.

"Chinayambira kumapeto kwa mudzi, lero chafika pakhomo ili," anatero mayi ake a Kabawi akunong'ona. "Chatsala n'chiyani, mwanawe?"

"Amayi, sindidziwa chimene ndimanyamula."

"Ndiye usiye. Mwana uli naye ndi mmodzi."

Kabawi anachita mantha, mantha osowetsa tulo. Kutacha anatenga kamtsikana kake, kamene kanali kasanayambe n'komwe sukulu, n'kukakasiya kwa mkulu wake kutauni yakutali. Atabwerako anapita kwa mphunzitsi kukatsanzika.

Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, osaseka. "Ukauluka ndi ine, amamwalira ndani?"

"Palibe."

"Zouluka wekha wamaliza. Kwatsala mayeso okha, ndipo woyesa adzakhala pampando womwewo. Chinthu chakocho chikhala pati?"

Zinali zomveka. Kabawi anavomera.

Tsiku la mayeso anapeza kandege kake ka mipando iwiri katatsegulidwa injini, amakaniko akukagwiragwira. Anamupatsa ina, ya mipando inayi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mipando yakumbuyo. Woyesa, mdala wa imvi wosakonda zolankhula, anali atakhala kale, akugogoda wotchi ndi chala. Kabawi anamanga malamba akumbuyo aja mpaka zala kuwawa, n'kukwera.

Ndege inanyamuka mopepuka, osabuula, osapendekeka. Mtima unakhala pansi. Anakhota pamene anauzidwa kukhota, anakwera, anatsika, mdala uja akungogwedeza mutu. Anali kutali, bwalo litasowa kumbuyo kwa mapiri, pamene anamva kachitsulo ka lamba kakulira kumbuyo kwake, keteee, ndi mkokomo wa lamba akufupikitsidwa. Anafupikitsidwa, n'kufupikitsidwabe. Kenako linabwera fungo la mafuta odzola amene iye anawalongedza yekha m'kachikwama ka mwana wake.

"Amayi," anatero mawu aang'ono m'mahedifoni amene anavala kumakutu. "Makutu akundiwawa."

Kabawi anayang'ana woyesa. Mdalayo ankayang'ana kunja.

"Meza malovu, mwanangu," anatero Kabawi.

"Mwati chiyani?" anafunsa woyesa.

"Bambo, tibwerere."

"Bwererani. Kwatsala kutera kokha."

Anatembenuza ndege. Akanatani china? Kumwamba kulibe poima, kulibe woti umukuwire, ndipo manja onse awiri ali ndi ntchito. Anakankha injini mpaka pothera mphamvu zake, misozi ikutsikira m'khosi.

"Amayi, nyumba zachepa. Anthu ali ngati nyerere."

"Usayang'ane pansi. Yang'ana ine. Tatsala pang'ono kufika."

"Ndili ndi tulo."

"Usagone. Imba nyimbo yako ija. Ukundimva?"

Kamwanako kanayamba kuimba motsitsa, kakulakwitsa mawu monga mwa masiku onse. Bwalo litaonekera, nyimbo inali itayamba kudukaduka. Kabawi anatsika mosamala kuposa tsiku lina lililonse, kuopa kumudzidzimutsa. Matayala anakhudza pansi osamveka n'komwe. Pamenepo m'mahedifoni munali zii.

Atazimitsa injini, woyesa anavula mahedifoni ake n'kumwetulira koyamba. "Mwakhoza, mayi. Kutera kotere sindinakuonepo kwa wophunzira. Laisensi ndi yanu."

Kabawi anayang'ana ku ofesi ya pabwalopo. Pakhomo la ofesi panali pataima mphunzitsi, foni ya Kabawi ili m'manja, chipewa atavula. Bamboyo sankasuntha, ndipo Kabawi sanapite kukamva uthenga umene unachokera kwa mkulu wake. Anatsika, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Lamba anali atamangidwa kagawo kakang'ono, kongokwana chiuno cha mwana. Anawerama n'kumasula pang'onopang'ono, poti mwana wakeyo sankadziwa kumasula yekha.